ZA NCHITO ZA MANJA: Mafuta a Basi ndi Adani Ace Atatu

Mwezi watha tinaceza nanu za kasungidwe ka cimanga m'nkhokwe. Mwezi uno tirikuturuka m'mudzi pang'ono kuti tikaime pamseu, pakuti catigwera cinthu cimene sitingathe kucikhalira cete.

Kumapeto kwa dzinja Akristu a m'midzi yozungulira Kazuni anasonkha ndalama, napangana ndi mwini basi yaikuru kuti iwatengere ku Rumphi, kumene ana ao analikukalandira Sakramenti la Ulimbitso. Ifenso tinali momwemo. Popita tinayenda bwino. Koma pobwerera, dzuwa litapendeka, basi inayamba kutsokomola pa citunda ciri conse, mphamvu yace nicepa. Ndipo titayandikira malire a nkhalango ya Vwaza inazima, osadzukanso. Inu nonse mudziwa kuti nyengo imeneyo, cimanga cikamakhwima, njobvu zimaturuka m'nkhalango usiku kudzadya m'minda. M'basimo munali ana ambiri obvala zoyera, nkhalamba zingapo, ndi mai mmodzi wodwala pakati amene masiku ace anali pafupi. Nyimbo zonse zinatha.

Woyendetsa anagona pansi pa basi ndi tochi, namasula kabotolo kamene kali kunsi kwa sefa ya mafuta. Mphunzitsi wathu wacikulire anawerama namfunsa kuti, "Adada, cabvuta nciani?" Iye anamuonetsa kabotoloko nati, "Onani nokha, asekuru. Awa si mafuta, ndi madzi ndi matope. Pa sitolo ya mafuta ndinapeza atatha, ndipo ndinagula zigubu ziwiri pakhomo pa munthu wina kuno kwanu." Anakhetsa madziwo, natsuka cimene cinatheka kutsukidwa, napopa ndi dzanja nthawi yaitali, kufikira injini inabvomera. Tinafika kwathu pakati pa usiku, tonse amoyo. Tiyamike Mulungu. Koma pamene tinafufuza m'mawa mwace, tinapeza kuti wogulitsa mafutawo ndi mwana wa mumpingo mwathu momwe. Mgolo wace unakhala pabwalo dzinja lonse, madzi a mvula nadikha pa cibvundikiro, nalowa pang'ono pang'ono; iye anadziwa, koma anagulitsabe. Dzina lace sitirinena, pakuti anadza yekha kudzapepesa. Koma phunziro lace ndi la ife tonse.

ULENDO WA MAFUTA M'KATI MWA BASI

Mabasi akuru amayendera dizilo, osati petulo. Dzina limeneli licokera kwa Rudolf Diesel, mmisiri wa ku Germany, amene injini yace inayamba kugwira nchito bwino mu mzinda wa Augsburg m'caka ca 1897. Injini ya petulo imayatsa mafuta ndi kamoto ka pulagi. Koma ya dizilo iribe pulagi yotere. Iyo imakoka mpweya wokha, niupanikiza kolimba kufikira utentha kopambana madigiri 500, ndipo pamenepo mafuta amawazidwa m'katimo ngati nkhungu, nayaka okha. Cotero cinsinsi conse ciri pa kuwazako. Mafuta akafika ocepa, kapena mocedwa, kapena ngati madontho m'malo mwa nkhungu, injini siikoka.

Tsono tamverani njira imene mafuta amayenda. Amacokera m'thanki, imene iri kunsi kwa basi. Kapampu kakang'ono kamawakoka m'paipi, nayamba apita pa sefa yoyamba, imene imapatula madzi ndi zitsotso zazikuru. Kenaka apita pa sefa yaciwiri ya pepala, imene amisiri amati fyuluta. Atayera cotero alowa m'pampu yaikuru, imene imawakankha ndi mphamvu yoopsa kunka ku tizitsulo towaza, tochedwa mainjekita, kamodzi pa silinda iri yonse. Mafuta otsala amabwerera ku thanki pa paipi yina. Kampani ya Bosch ya ku Stuttgart inayamba kupanga mapampu otere ambiri m'caka ca 1927, ndipo kuyambira pamenepo malole ndi mabasi a dizilo anacuruka pa dziko lonse.

M'mabasi atsopano, amene mafuta ace amalamulidwa ndi kompyuta, mphamvu ya m'mapaipi a pampu yaikuru imaposa ya mpweya wa m'tayala la basi ka 200. Tizitsulo ta m'kati mwa pampu ndi mwa mainjekita tinasulidwa mothinana kwambiri, kotero kuti mpata wa pakati pao ucepa kutali kuposa tsitsi la munthu. Palibe oilo wofewetsa tizitsulo timeneti; dizilo yemweyo ndiye amatifewetsa. Mukamvetsa ici, mudzamvetsa zonse zotsala.

MDANI WOYAMBA: MADZI

Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi, koma ya dizilo ilemera ngati magalamu 840. Cifukwa cace madzi amatsikira pansi pa thanki, pomwe pali kamwa la paipi yokoka mafuta. Madzi sayaka, ndiponso safewetsa citsulo. Amabala dzimbiri m'pampu, ndipo akafika pa nsonga yotentha ya injekita angathe kuiphwanya. Kuonjezera apo, pamene madzi akomana ndi dizilo pamamera tizirombo tosaoneka ndi maso, timene timapanga ndere yakuda yoterera, ndipo ndereyo imatseka sefa.

Madzi amalowa pa njira zitatu. Yoyamba ndi mafuta osungidwa mosasamala, monga tinaonera. Yaciwiri ndi citsekero ca thanki cimene mphira wace watha, kapena cimene cinatayika, munthu natsekapo ndi sanza kapena citsononkho. Yacitatu ndi mame. Kuno kwathu, pansi pa mapiri a Nyika, usiku wa June ndi July kumazizira ndithu. Thanki ikagona yopanda mafuta ambiri, cinyezi ca mpweya wa m'katimo cimasanduka madontho pa citsulo, monga mame pa udzu, ndipo madonthowo amatsikira pansi. Nkuona woyendetsa wanzeru amadzaza thanki madzulo, osadikira m'mawa.

Mankhwala ace ngosabvuta. M'mawa uli wonse, injini isanadzutsidwe, munthu ayang'ane kabotolo ka kunsi kwa sefa yoyamba. Akaona madzi, amasule kampopi kace, akhetsere m'citini kufikira paturuka mafuta okha okha, ndipo atsekenso. Nchitoyi siitha ngakhale mphindi 5. Mabasi ambiri atsopano ali ndi kanyali kocenjeza za madzi patsogolo pa woyendetsa. Kameneko kakayaka si kokongoletsa ai.

MDANI WACIWIRI: PFUMBI

Mseu wa kwathu kuno muudziwa: m'dzinja matope, m'cilimwe pfumbi lofika ndi m'mano momwe. Kamcenga kamene diso silingakaone kakalowa m'pampu, kamapala tizitsulo tija monga mwala wonolera mpeni. Sikapha injini tsiku lomwelo. Koma pakapita miyezi basi iyamba kubvuta kudzuka m'mawa, idya mafuta ambiri, ilephera zitunda. Ndipo mwini wace apeza kuti mtengo wa pampu yatsopano uposa wa masefa a zaka zambiri.

Potero sefa isinthidwe pa nthawi imene buku la opanga basiyo linena, ndipo pa miseu ya pfumbi monga wathuwu isinthidwe nthawiyo isanakwane. Sefa ya pepala siitsukidwa. Alipo amisiri ena amene amaicapa m'petulo, naiuzira mpweya, naibwezeramo. Ena amafika poiboola ndi msomali kuti mafuta adutse. Kutero ndiko kucotsa citseko pa khola cifukwa cikulira potsegula. Posintha sefa, mmisiri ayambe wapukuta malo onse ozungulira, asambe m'manja, aike mphira watsopano wodza ndi sefayo, ndipo asagwire nchito imeneyi pa mphepo ya pfumbi. Fanelo ndi cigubu cothirira zikhale zotsekedwa pamene sizigwira nchito. Pa thanki palinso kabowo kopumira. Kakatsekeka ndi matope, mafuta amakana kuturuka, monga mowa ukanira m'cipanda cotsekedwa pakamwa, ndipo basi imazima ngakhale thanki iri yodzala.

MDANI WACITATU: MPWEYA

Injini ifuna mpweya wambiri m'masilinda, koma m'mapaipi a mafuta siufuna ngakhale pang'ono. Mafuta sapanikizika, pampu ikawakankha amapita. Koma mpweya umapanikizika ngati mpira, ndipo pampu imangokankha cabe, mafuta osafika. Mpweya umalowa pamene thanki yaumiratu, pamene sefa yasinthidwa, kapena pamene paipi ya mphira yang'ambika ndi ukalamba. Kawiri kawiri paipi yotere siidontha konse, cifukwa iri mbali yokoka. Imangomeza mpweya mwakacetecete, basi nizima popanda woona cifukwa.

Kuuturutsa kwace ndi kotere. Pamwamba pa sefa pali kabauti kopumira. Mmisiri amakamasula pang'ono, napopa kapampu ka dzanja. Poyamba paturuka thobvu. Apitirize kufikira paturuka mafuta oyera opanda thobvu, ndipo amange kabautiko asanaleke kupopa. Atatero ayese kudzutsa injini, koma asaumirize sitata kopitirira theka la mphindi. Aipumitse, kuti ingapse ndi kutha batire.

Pano tiike cenjezo lalikuru kwa anyamata athu amene alikuphunzira umakaniko ku Rumphi ndi ku Mzuzu. Mapaipi acitsulo ocokera ku pampu yaikuru musawamasule injini irikulira, makamaka pa mabasi atsopano. Ndipo musafune podontha ndi cala. Mafuta oturuka pa kaming'alu ka paipi yotere amalasa khungu ngati singano. Bala lace lioneka laling'ono, koma m'kati mnofu umafa, ndipo munthu angataye cala kapena dzanja. Wolasidwa cotero athamange naye ku cipatala nthawi yomweyo, nauze adokotala cimene camlasa. Pampu yaikuru ndi mainjekita ziri ndi amisiri ace amene ali ndi makina oyesera. Si za pansi pa mtengo wa mango.

UTSI UMANENA ZOONA

Ngakhale inu amene simunagwirepo sipanala mungathe kudziwa moyo wa basi poyang'ana utsi wace. Utsi wakuda bii unena kuti mafuta acuruka kuposa mpweya: kapena sefa ya mpweya yatsekeka ndi pfumbi, kapena mainjekita atha, kapena wina wapotoza pampu kuti basi ithamange. Umenewo ndi ndalama zirikupita kumwamba. Utsi woyera umene suleka injini itatentha unena kuti mafuta sakupsa bwino, kapena madzi alowa kumene sayenera. Utsi wobiriwira unena kuti injini irikuoca oilo wace. Ndipo pfungo la dizilo likamveka m'kati momwe mukhala anthu, dziwani kuti pena palikudontha. Dizilo sayaka msanga ngati petulo, inde. Koma akadonthera pa paipi yotentha ya utsi amayaka ndithu, ndipo injini ya mabasi ambiri akuru iri kumbuyo, kumene woyendetsa saona.

Wina angati, "Basi ikazima, yazima, tidzakankha." Abale, si conco. Injini ndiyo imapopa mpweya wa mabuleki, ndiyonso imafewetsa ciongolero. Ikazima potsetsereka, ciongolero cimauma, mpweya wa mabuleki numacepa nthawi iri yonse woyendetsa aponda. Ife inatizimira pa cidikha. Taganizani ikadazima pa mapiri a Chiweta, pa mseu wotsikira ku nyanja, kumene ambiri a inu mumadutsa popita ku Karonga. Kabotolo ka madzi kangathe kupulula mudzi.

ZA MAFUTA A M'ZIGUBU

Tidziwa kumene bvutoli licokera. Dziko lathu liribe zitsime za mafuta, ndiponso liribe doko la pa nyanja ya mcere. Mafuta ambiri amadza kucokera ku Dar es Salaam, ku Beira kapena ku Nacala, ndipo agulidwa ndi ndalama zakunja. Ndalamazo zikasowa, mafuta amasowa, monga tinaonera m'zaka za 2011 ndi 2012, ndiponso mu 2022 ndi 2024, pamene magalimoto anagona pa mizere masiku. Nthawi zotere ndi pamene zigubu zimaturukira m'makhonde. Sitikana kuti ku midzi yakutali monga yathu munthu wa cigayo kapena wa njinga yamoto amabvutika kopeza mafuta. Koma lamulo la dziko liti wogulitsa mafuta akhale ndi cilolezo ca bungwe la MERA, ndipo lamulolo silinaikidwe cabe.

Cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mafuta a m'cigubu angaoneke bwino, koma simudziwa kumene agona. Madzi mungawagwire: thirani pang'ono m'botolo loyera, liime kanthawi, ndipo madzi ndi nsenga zidzaoneka pansi. Koma palafini sagwidwa cotero, pakuti amasakanikirana ndi dizilo osapatukanso. Ndipo popeza iye alibe mafuta ofewetsa okwanira, pampu imadyeka. Petulo ndiye woipitsitsa: amaononga pampu, nasandutsa thanki yonse kukhala yosacedwa kugwira moto.

Tsono tinene monga Akristu. Wothira palafini kapena madzi m'dizilo kuti cigubu cidzale walakwira lamulo lacisanu ndi ciwiri la Mulungu, pakuti walandira ndalama pa cinthu cimene sanapereke. Ndipo kulapa kwace sikukwanira akapanda kubweza. Woyendetsa kapena kondakitala amene amapopa mafuta a bwana wace usiku nagulitsa, ndi iye amene amagula akudziwa, mlandu wao ndi womwewo. Koma pali coposa. Wogulitsa mafuta oipa kwa basi yonyamula anthu, ndi mwini basi amene amakana kugula sefa kuti asunge ndalama, alikusewera ndi lamulo lacisanu, limene litiuza kusamala moyo wa mnzathu. Munthu sapha ndi mkondo wokha. Kumbukirani fanizo la Ambuye la anamwali khumi: opusa aja sanabe kanthu, sanamenye munthu, anangonyozera za mafuta, ndipo anapeza pakhomo potseka.

ZIMENE BANJA LIRI LONSE LINGACITE

Kuno ku Kazuni tizolowera matola ndi maminibasi. Basi yaikuru imatifika pa ukwati, pa maliro, kapena pa ulendo wa mpingo. Pamenepo akuru a mpingo ndi a banja ndiwo olemba nchito, ndipo ali ndi ufulu wa kufunsa. Afunse mwini basi ngati cikalata cace ca boma cotsimikiza kuti basiyo iyenera kuyenda pamseu cikali ndi masiku. Apangane kuti basi idze ndi mafuta okwanira kupita ndi kubwera, ogulidwa pa sitolo ya mafuta. Ndipo ndalama ya mafutawo aipereke msanga, kuti woyendetsa asakakamizike kufuna zigubu pa njira. M'mawa wa ulendo mmodzi ayang'ane pansi pamene basi yagona: akaona dontho la mafuta pa dothi, anene. Aone ngati thanki iri ndi citsekero ceniceni, ndiponso ngati muli cozimira moto. Kufunsa sikunyoza; safunsa anadya phula.

Musalole kukwera galimoto imene injini yace irikumwa mafuta kucokera m'cigubu coikidwa pa miyendo ya anthu, kapaipi katalowa pansi pa mpando. Musalole zigubu za petulo pakati pa katundu wanu. Pothira mafuta injini izimitsidwe, anthu atsike, ndipo wosuta fodya apite kutali. Moto wa mafuta sauzima ndi madzi, pakuti mafuta amayandama pamwamba pa madzi, moto nufalikira. Uzimeni ndi mcenga, dothi, kapena cozimira moto. Koma coyamba turutsani anthu, ana ndi nkhalamba patsogolo, katundu agulidwanso.

Kwa amai tinena ici. Mafuta asagone m'nyumba mogona ana, kapena pafupi ndi moto wa kukhichini. Asathiridwe m'mabotolo a zakumwa, pakuti mwana wa ludzu sadziwa kusiyanitsa. Mwana akamwa palafini, petulo kapena dizilo, musamsanzitse ai, cifukwa posanza mafutawo amalowa m'mapapo, ndipo m'menemo ndimo muli imfa. Mumtengere ku cipatala msanga. Comweconso anyamata aleke kukoka mafuta m'thanki ndi pakamwa. Mafuta okhetsedwa m'sefa asatayidwe pa mtsinje kapena pafupi ndi citsime. Madzi a Rukuru ndi a nyanja ya Kazuni timamwa ndife, ndi ng'ombe zathu, ndi nyama za m'nkhalango.

Tisamalize osanena za woyendetsa uja. Iye analakwa pogula mafuta osadziwika, ndipo anabvomera. Koma anadziwa nchito yace. Anali ndi tochi, sipanala, ndi mtima wodekha, ndipo anagona m'matope maora atatu cifukwa ca ana a eni. Ife apaulendo timafulumira kukalipira oyendetsa akaima kuti aone injini, ndipo timayamika amene amathamanga. Tisinthe. Munthu amene amagwada m'mawa uli wonse kuyang'ana kabotolo kaja alikucita nchito ya cikondi, ngakhale palibe womuona koma Mulungu. Makolo amene ana anu ali pa nchito imeneyi, alangizeni kuti kukhulupirika pa zazing'ono ndiko ulemu wa mmisiri. Yosefe Woyera sanalalike pa bwalo, anangopala matabwa ace moongoka.

Mai wodwala pakati uja anacira bwino patapita masiku anai, ku cipatala, ndipo mwanayo tambatiza Lamulungu lapitali. Mnyamata wa mgolo uja anabweza ndalama za zigubu ziwiri, nagulanso sefa yatsopano. Pa mapemphero a madzulo a mwezi uno, banja liri lonse lionjeze Tikuoneni Maria mmodzi cifukwa ca oyendetsa, amakaniko ndi onse a paulendo, ndipo Kristofa Woyera awaperekeze. Mwezi wa mawa, Mulungu akalola, tidzaceza za matayala ndi za katundu wopitirira muyeso.